N'chifukwa chiyani lipenga lofatsa la smooth jazz limagwira mtima chonchi?

Funso: Kuyambira kale lipenga ndinkalidziwa ngati chida chaphokoso, cha asilikali ndi magulu oguba. Posachedwapa ndayamba kumvera nyimbo za smooth jazz zimene lipenga limalira mofatsa ngati munthu akuimba, ndipo sindikutha kuzisiya. Mnzanga wina wokonda jazi akuti imeneyi si jazi yeniyeni, ndi nyimbo zongoika m'mahotela kuti anthu azidya bwino. Kodi n'chiyani chimene chikundikoka m'nyimbozi? Nanga mnzangayo akunena zoona? Ndiyambire pati kuti ndizidziwe bwino?

Yankho: Achimwene, chimene chakugwiranicho ndi chenicheni, ndipo chili ndi chifukwa chake. Mwanena nokha kuti lipenga munkalidziwa ngati chida chofuula. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Khutu lanu likudziwa kuti chitsulo chimenechi chingathe kumveka mpaka tsidya lina la bwalo la mpira, ndiye likamva chikulankhula motsitsa, limazindikira kuti pali mphamvu imene munthu wina akuigwira mwadala kuti isatuluke yonse. Gitala yofatsa kapena piyano yofatsa sizidabwitsa aliyense. Lipenga lofatsa limadabwitsa, chifukwa kufatsako sikubwera kokha. Woimbayo wachita kukuvutikira, ndipo ife omvera timamva zimenezo ngakhale sitidziwa kuzifotokoza.

Lipenga linabadwira ntchito yoitana anthu. M'manda a Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt, amene anapezeka mu 1922, munali malipenga awiri, lina lasiliva lina lamkuwa, ndipo amenewo anali operekera zizindikiro. Kwa zaka zambirimbiri lipenga linali paipi yopanda mabatani, yotulutsa manoti ochepa otalikirana, kupatula kumtunda kwenikweni kumene akatswiri owerengeka ankafika. Mu 1818 Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel a ku Germany analembetsa luso la mavalavu, mabatani amene woimba amadina kuti mpweya udutse njira yotalikirapo. Kuchokera pamenepo lipenga linatha kuimba manoti onse motsatana, monga amachitira munthu ndi pakhosi pake. La masiku ano lili ndi mabatani atatu okha, ndipo mutaliwongola paipi yake ingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka.

Koma liwu silichokera m'mabataniwo. Limachokera pamilomo ya munthu. Woimba amatseka milomo, n'kuiika pa kakapu kachitsulo kamene kali kumayambiriro kwa paipi, kenako n'kukankha mpweya kuti milomoyo izinjenjemera. Akamaimba noti ya A imene magulu a oimba amachunira zida zawo, milomo yake imatseguka ndi kutsekeka maulendo 440 pa sekondi imodzi. Chitsulocho chimangokuza ndi kukonza zimene mnofu wayambitsa. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kubwerekana lipenga limodzi lomwelo, koma aliyense n'kumamvekabe mmene amamvekera. Mano, kukula kwa milomo, mmene lilime lakhalira m'kamwa, zonsezi zimalowa m'liwu. Pa piyano mumadina ndipo kanyundo kamamenya waya. Pakati pa inu ndi liwu pali makina. Pa lipenga palibe chotchinga. Woimba akatopa, mumamva. Akachita mantha, mumamvanso.

Pali chinanso chimene lipenga limachita kuposa zida zambiri. Mukaliliza mwamphamvu silingokula phokoso, limasinthanso mtundu wa liwu: limathwa, limang'amba, chifukwa timawu tam'mwamba tobisika mkati mwa noti iliyonse timachuluka. Mukaliliza motsitsa timawu timeneto timachepa, ndipo chotsala ndi liwu lobulungira, lofunda, loyandikira kwambiri mawu a munthu amene akuimba osakweza. Oimba smooth jazz amakhala nthawi yambiri m'dera limenelo, pakatikati pa lipenga, pomwe munthu wamba angathe kutsatira chuni ndi pakamwa pake. Kumtunda kobaya m'khutu amapitako kamodzikamodzi, ndipo akapitako mumadziwa kuti pachitika kanthu.

Ndikuuzeni monga munthu amene amaphunzitsa chidachi: kuimba motsitsa n'kovuta kuposa kufuula. Mwana amene wangoyamba kumene amatha kutulutsa chiphokoso tsiku loyamba lomwelo. Koma muuzeni kuti ayambe noti mwakachetechete, aisunge yosagwedera mpaka mpweya utatsala pang'ono kutha, kenako aimalize osaidula, muona ikukana. Mpweya ukachepa pang'ono chabe, milomo imaleka kunjenjemera ndipo mumangomva kuti fuu. Ukachuluka pang'ono, noti imatulukira mwadzidzidzi n'kuwononga zonse. Akatswiri ambiri amathera gawo la tsiku lililonse akuimba manoti ataliatali, imodziimodzi, ali okhaokha m'chipinda, ntchito yotopetsa imene palibe amaiombera m'manja. Kufatsa kumene mukukumva pa chimbale kunachokera ku ntchito imeneyo. Mukatchera khutu pa nyimbo yodekha yojambulidwa bwino, mumva kampweya kakutsogola noti isanamveke. Woimbayo sanaimenye ndi lilime monga amachitira a gulu loguba, wangoilola kuti itulukire mu mpweya momwemo. Kanthu kakang'ono kameneko ndi kamene kamakuchititsani kumva ngati munthuyo wakhala nanu pafupi.

Mpweya womwewo ndi umene umapatsa nyimbozi kalankhulidwe ka munthu. Woimba piyano akhoza kuthamanga mphindi zisanu osaima. Woliza lipenga sangathe. Ayenera kupuma, ndipo milomo nayo iyenera kupumula kuti magazi ayendemo. Motero chuni chake chimabwera m'zigawo zotalika ngati ziganizo za munthu amene akulankhula: anene, apume, anenenso. M'mipata imeneyo ndi mmene omverafe timapeza polowera. Ine ndimaona kuti anthu ambiri akamvetsera nyimbo yotere modekha, amayamba kupuma limodzi ndi woimbayo osadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mtendere umene mukuumva ukuchokera kwambiri pamenepo. Zili ngati bambo wa liwu lalikulu amene akutonthoza mwana wake usiku. Mwanayo amadziwa kuti liwu limenelo limatha kukalipa, n'chifukwa chake kunong'ona kwake kumamukhazika mtima pansi.

Kaimbidwe kameneka sikanayambe ndi smooth jazz. Munthu amene anatsegula khomo kwambiri ndi Miles Davis. Ali mnyamata, mphunzitsi wake Elwood Buchanan ankamuletsa kunjenjemeretsa liwu monga ankachitira oimba ambiri a nthawiyo, ndipo Miles anakula ndi liwu loongoka, lopanda zokometsera. Anzake a chamba cha bebop, jazi yothamanga ya manoti ambiri, monga Dizzy Gillespie, ankakwera kumwamba n'kuthamanga modabwitsa. Iye anasankha manoti ochepa, apakati, n'kumasiya mipata. Mu 1955, pa chikondwerero cha jazi cha ku Newport, anaimba nyimbo yodekha ya "'Round Midnight" atasendeza lipenga pafupi kwambiri ndi maikolofoni, ndipo zimenezo zinamutsegulira njira yopita ku kampani ya Columbia. Iye ndi amenenso anatchukitsa kachitsulo kotsekera kukamwa kwa lipenga kotchedwa Harmon mute. Kachitsuloka kali ndi mkombero wofewa umene umamatirira mkati mwa lipenga, moti mpweya wonse umakakamizika kutulukira pa kabowo kamodzi kapakati. Pakabowopo pamakhala kapaipi kakang'ono, ndipo Miles ankakachotsa. Chotuluka ndi liwu lopyapyala, lonong'ona, lomveka ngati likuchokera kutali chikhalirecho lili pakhutu panu pomwepo. Popanda maikolofoni liwu limenelo silingamveke pamwamba pa ng'oma. Choncho dziwani kuti lipenga lofatsa linakula limodzi ndi maikolofoni. Linatheka pamene woimba sanafunikirenso kudzaza holo yonse ndi mapapo ake okha.

Wina ndi Chet Baker, amene anatchuka mu 1952 ali m'gulu la Gerry Mulligan ku California. Iye ankaimba ndi pakamwa komanso ndi lipenga, ndipo mukamamumvera simusiyanitsa kwenikweni pamene mawu athera ndi pamene lipenga layambira. Zonse ziwiri n'zofewa, zopanda kudzionetsera. Moyo wake unasokonezeka kwambiri ndi mankhwala ozunguza bongo. M'zaka za m'ma 1960 anamenyedwa mpaka mano kuwonongeka, ndipo kwa woliza lipenga mano akutsogolo ndiwo maziko amene milomo imatsamira. Anachita kuphunziranso kuliza ndi mano oikirira, kuyambira pansi. Zimene anajambula pambuyo pake, mpaka pamene anamwalira ku Amsterdam mu 1988, zili ndi mpweya wambiri m'liwu ndipo manoti ake ndi ochepa, koma ambiri a ife timazikonda kuposa za pa unyamata wake. Mukamumva mudziwa kuti chimene chimagwira mtima m'kaimbidwe kameneka si kusalala kwa liwu kokha.

Tsopano chinthu chimene ambiri sachidziwa. Nyimbo zingapo zimene mukuyesa kuti ndi lipenga, kwenikweni ndi mbale wake wotchedwa flugelhorn. Mabatani ndi atatu omwewo, zala zimayenda chimodzimodzi, manoti ndi omwewo. Kusiyana kuli pa paipi. Ya lipenga imakhala yofanana kukula kwa mtunda wautali n'kudzatambasuka kumapeto. Ya flugelhorn imayamba kukula msanga, pang'onopang'ono, mpaka kukamwa kwake kwakukulu, ndipo kakapu kake ka pamilomo n'kozama. Zimenezi zimameza kuthwa kuja. Ngakhale muilize mwamphamvu, flugelhorn sibaya ngati lipenga. Chuck Mangione wa ku Rochester, New York, anaifikitsa m'nyumba za anthu ambirimbiri ndi "Feels So Good", nyimbo imene pa chimbale cha mu 1977 ndi yotalika mphindi zoposa 9, koma anaidula kufika pafupifupi mphindi zitatu ndi theka kuti ilowe pa wailesi, ndipo mu 1978 inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America. Taganizani, nyimbo yopanda mawu, yotsogoleredwa ndi chida chimene anthu ambiri sankadziwa n'komwe dzina lake. Hugh Masekela wa ku South Africa nayenso anakhala ndi flugelhorn kwa zaka zambiri za moyo wake. Iyeyu sindingamuike m'gulu la smooth jazz, chifukwa nyimbo zake zambiri zinali zolira ndi zolimbana ndi tsankho, koma "Grazing in the Grass", imene inafika pa nambala 1 ku America mu 1968, inasonyeza makampani a nyimbo kuti lipenga lokhala ndi chuni chosavuta kugwira, pamwamba pa ng'oma zovinitsa, lingagulitse mofanana ndi woimba ndi pakamwa.

Makampaniwo anamva. Creed Taylor, amene anayambitsa CTI Records mu 1967, ankatenga akatswiri enieni a jazi n'kuwazunguliza ndi mavayolini, piyano yamagetsi ndi bezi, kenako n'kujambula zonse mosamala kuti chida chilichonse chimveke bwino. Freddie Hubbard, mmodzi mwa oliza lipenga amphamvu kwambiri amene jazi inakhalapo nawo, anajambula First Light kumeneko mu 1971 n'kupata nacho mphoto ya Grammy. Chet Baker nayenso anabwerera kudzera ku kampani yomweyo mu 1974. Kumapeto kwa zaka zimenezo Herb Alpert anatulutsa "Rise", imene poyamba anaikonza pa liwiro la disco koma n'kudzaibweza kuti iyende pang'onopang'ono, ndipo inafika pa nambala 1 mu 1979. Mukamva nyimbo imeneyo mwamva maziko onse a smooth jazz: bezi yobwerezabwereza, ng'oma yomenya pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi monga mu soul ndi R&B, makodi (manoti angapo olira pamodzi) ochepa osasinthasintha, ndipo pamwamba pake lipenga likuyenda mosapupuluma.

Maziko amenewa ali ndi gawo lalikulu pa zimene zikukukokani. Mu jazi yakale ng'oma ndi bezi zimakambirana ndi woimba, makodi amasintha pafupipafupi, ndipo womvera ayenera kukhala tcheru kuti asasochere. Mu smooth jazz pansi m'pokhazikika. Thupi lanu limapeza msanga kugunda kwa ng'oma n'kuleka kudera nkhawa, ndiye khutu lonse limapita pa lipenga. Makodi ake nawonso ndi aja okhala ndi manoti oonjezera, amene sakondwa kotheratu komanso salira kotheratu. Amakhala pakati, moti wotopa, wosungulumwa ndi wokondwa, aliyense amapezamo zake. Popeza palibe mawu okuuzani kuti nyimboyi ikunena za chiyani, mumaikamo nkhani yanu.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chuni chosavuta kumva n'chosavutanso kuimba. Woimba akakhala ndi manoti 40 m'chiganizo chimodzi, imodzi ikaphonya palibe amadziwa. Akakhala ndi asanu okha, iliyonse ili pambalambanda. Luso lonse limasamukira m'tinthu ting'onoting'ono. Amachedwetsa noti pang'ono chabe kuti ifike ng'oma itadutsa kale, ndipo kuchedwako kumamveka ngati akuganiza kaye asananene. Amayamba noti pansi pang'ono n'kuikweza ndi milomo mpaka ifike pamalo pake. Amadina batani mwatheka kuti liwu lifinyike, limveke ngati pakhosi pamene pamangika ndi misozi. Amasunga noti yoongoka kwa kanthawi, n'kudzainjenjemeretsa kumapeto kwenikweni. Chiganizo chikabweranso kachiwiri amasintha noti imodzi yokha, ndipo mtima wanu, umene umayembekezera ya poyamba ija, umadumpha. Palibe chilichonse mwa izi chimene chimalembedwa papepala. Chuni chimodzi chomwecho, wina akachiimba mumangodziwa kuti ndi nyimbo yakutiyakuti, wina akachiimba mumasiya zimene mumachita.

Mwina mwaonanso kuti m'chambachi chida chimene chimalamulira ndi sakisofoni. Grover Washington Jr. ndi chimbale chake cha Winelight cha mu 1980, David Sanborn, kenako Kenny G, ndiwo anapanga liwu limene anthu ambiri amaliganizira akamva dzina loti smooth jazz. Sakisofoni ili ndi kabango kamene kamanjenjemera m'malo mwa milomo, ndipo imatsetsereka mosavuta kuchoka pa noti ina kupita pa ina. Imatha kulira, kudandaula, kuchonderera. Lipenga lili ndi ulemu wakewake. Noti yake ili ndi poyambira pomveka ndi pakati polimba, ndipo ngakhale likhale lachisoni chotani, limaimabe chilili. Sakisofoni imakuuzani zonse za kumtima kwake, pamene lipenga limanena pang'ono n'kusunga zina. Pali anthu amene amatopa msanga ndi sakisofoni yofatsa koma lipenga lofatsa osatopa nalo, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti zimene woimba sananene zimakusiyirani ntchito yoti mumalize nokha, ndiye ulendo uliwonse mumamaliza mosiyana.

Situdiyo nayo ili ndi dzanja lake pa nkhaniyi. Maikolofoni ambiri mukawayandikira kwambiri amakuza mawu apansi, motero liwu la lipenga limanenepa. Akatswiri ojambula amakonda maikolofoni a mtundu wa ribbon pa zida zamkuwa chifukwa amafewetsa kuthwa. Kenako amaonjezera kumveka kwa holo yaikulu, kuti noti ikatha izisiya mchira umene ukuzilala pang'onopang'ono. Mumamva lipenga lili pakhutu pomwe, koma mchira wake ukukathera kutali, zinthu ziwiri zimene m'chipinda chenicheni sizichitika limodzi kawirikawiri. Akachita mwa muyezo zimakoma kwambiri. Akapitirira muyezo, woimbayo amamira.

Nanga mnzanu uja? Pali pamene akunena zoona, ndipo sindikubisirani. Dzina loti smooth jazz linakulira m'mawailesi, osati pakati pa oimba. Pa 14 February 1987 wailesi ya KTWV ya ku Los Angeles inayamba kuulutsa nyimbo zofatsa, zambiri zopanda mawu, ndipo mawailesi a m'mizinda ina, monga WNUA ya ku Chicago, anatsatira. Chimene ankafuna n'chakuti anthu ogwira ntchito m'maofesi asazimitse wailesi tsiku lonse. Makampani ofufuza ankasonkhanitsa omvera, kuwaikira tizidutswa ta nyimbo, n'kulemba zimene zawasangalatsa ndi zimene zawasokoneza. Chilichonse chodzidzimutsa chinkachotsedwa. Oimba anaphunzira kuti akafuna kumveka pa wailesi, gawo lopeka pompopompo likhale lalifupi, nyimbo ithe m'mphindi zinayi kapena zisanu, ng'oma zikhale za makina zosaphonya. Mapeto ake panatuluka zimbale zambiri zofanana, zosalala bwino koma zopanda munthu mkati. Zimenezo ndi zimene mnzanuyo amamva m'mahotela, ndipo ine ndikazimva zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndimadziwa kuti ambiri mwa oimbawo amatha kuchita zoposa pamenepo. Mawailesi ambiri otere anasiya chambachi cha m'ma 2008 ndi 2009, kuphatikizapo WQCD ya ku New York ndi WNUA yomwe ija.

N'zoonanso kuti mtima wa jazi ndi kupeka pompopompo ndi kukambirana kwa zida, ndipo mu smooth jazz zimenezi zimachepa. Ngati mnzanuyo akuyeza ndi muyezo umenewo, nyimbo zina zimene mumakonda zili pafupi ndi soul yopanda mawu kuposa jazi. Umenewo si mlandu.

Pamene ndikusiyana naye ndi poganiza kuti kukonda chuni chomveka ndi kutsika. Louis Armstrong, tate wa oliza lipenga onse a jazi, ankatenga nyimbo zotchuka za m'nthawi yake n'kuziimba kuti aliyense azimve. Clifford Brown, amene oimba bebop amamulemekeza kwambiri, anajambula mu 1955 chimbale chathunthu cha nyimbo zodekha ndi mavayolini, ndipo m'chimbale chonsecho sachoka patali ndi chuni. Anamwalira pa ngozi ya galimoto chaka chotsatira ali ndi zaka 25 zokha. Miles Davis yemweyo, mu 1985, anatulutsa nyimbo zimene anazitenga kwa Michael Jackson ndi Cyndi Lauper, n'kumaziimba pa siteji mpaka m'zaka zake zomaliza. Mangione, asanatchuke, anali woliza lipenga m'gulu la woimba ng'oma Art Blakey, sukulu yovuta kwambiri imene jazi inali nayo, pampando umene Clifford Brown, Lee Morgan ndi Freddie Hubbard anakhalapo. Anthu amenewa sanasankhe kufatsa chifukwa chosowa luso.

Pa oimba a masiku ano, awiri ndiwo mukumane nawo msanga. Rick Braun, wobadwa mu 1955 ku Allentown, anayenda ndi Rod Stewart komanso Sade asanatchuke ndi zake, ndipo zimenezo zimamveka: iye ali kumbali ya ng'oma zovinitsa, amakonda flugelhorn ndi lipenga lotsekedwa kukamwa, ndipo mu 2000 anabwereza nyimbo ya Masekela ija limodzi ndi Boney James wa sakisofoni. Chris Botti, wobadwa mu 1962 ku Portland, Oregon, ali kumbali ya nyimbo zodekha. Anatsimikiza zodzakhala woimba ali ndi zaka 12 atamva Miles Davis, anaphunzira ku Indiana University, anagwira ntchito ndi Paul Simon kenako Sting, ndipo mu 2013 anapata Grammy ndi chimbale cha Impressions. Lipenga limene amagwiritsa ntchito ndi Martin Committee lakale la mu 1939, mtundu umene Miles ndi Chet ankalizanso, wodziwika ndi liwu lofunda, losathwa. Ineyo ndimaona kuti liwu la Botti ndi limodzi mwa okongola kwambiri amene alipo lero, ngakhale pa zimbale zina mavayolini amachuluka mpaka kumuphimba. Ku Ulaya kuli Till Brönner wa ku Germany, amene amatsatira kwambiri mapazi a Chet Baker, ndipo pa amayi mufune Cindy Bradley.

Pa mawu oti ndi nyimbo za m'mahotela, ndinene ichi. Kuti nyimbo ingathe kumalira chapansipansi anthu akudya kapena akugwira ntchito sikutanthauza kuti ilibe kanthu. Kind of Blue, chimbale cha Miles Davis cha mu 1959, chimamveka m'malesitilanti padziko lonse, ndipo palibe amene amati si jazi. Nkhani ndi yakuti mukazimitsa zina zonse n'kukhala pansi kuimvera yokha, kodi ikukupatsani zambiri kapena yatha? Yesani nokha. Mverani ngati mukumva pamene woimbayo akupuma. Mverani ngati kolasi yachiwiri yasiyana ndi yoyamba ngakhale pang'ono, kapena angoikopera pa kompyuta. Mverani ng'oma: woliza lipenga akakweza, kodi nazo zikuyankha, kapena zikungogunda chimodzimodzi? Ndipo nyimbo ikatha, yesani kuimba chuni chake ndi pakamwa. Chikabwera, ndiye kuti munali kanthu. Nyimbo zofooka za chambachi zimakoma pamene zikulira, koma zikatha simukumbukira kalikonse.

Poyambira, ine ndingati musayambe ndi za lero. Tengani chimbale cha Clifford Brown ndi mavayolini chija, mumve mmene lipenga lotseguka limanyamulira chuni ndi liwu lodzaza. Kenako mverani "Blue in Green" ya pa Kind of Blue, kuti mudziwe Harmon mute ikakhala m'manja mwa mwini wake. Kenako Chet Baker wa zaka zake zomaliza. Mukafika kwa Mangione funani ya mphindi 9 ija, osati yodulidwa, chifukwa mbali imene anachotsa ndi imene oimba amamasuka. Ndiyeno pitani kwa Braun ndi Botti. Mukayenda njira imeneyo muona kuti onsewa ndi banja limodzi, ndipo muyamba kudzisankhira nokha amene akukulankhulani. Mwina khutu lanu lidzayamba kufuna zovutirapo, ndipo inu ndi mnzanu uja mudzakumana pa chimbale chimodzi. Mwinanso ayi, ndipo palibe cholakwika.

Chenjezo limodzi lokha: musaziweruze nyimbozi pa kasipika ka foni. Kasipikako kamataya mawu apansi n'kusiya apamwamba okha, ndiye lipenga lofunda limasanduka lopyapyala, bezi imasoweratu, kampweya koyambira noti sikamveka. Gwiritsani ntchito mahedifoni kapena masipika abwinoko, ndipo musakweze kwambiri. Komanso funani zojambulidwa pa siteji pamaso pa anthu. Oimba ambiri a chambachi amene mu situdiyo amamveka omangika, pa siteji amamasuka: ng'oma zimakhala za munthu weniweni, nyimbo ya mphindi zinayi imafika khumi, ndipo gawo lopeka pompopompo limene wailesi inkadula limabwerera lonse. Konsati ya Botti ya ku Boston, imene inatuluka mu 2009, ndi yabwino kuonerapo zimenezi, makamaka mmene amasinthanirana ndi woimba ng'oma wake Billy Kilson.